Kugula nyumba pa chilumba cha Likoma kwa munthu amene si nzika ya Malawi

Likoma ndi chilumba cha pa nyanja ya Malawi chotalikirana pang'ono ndi gombe la Mozambique, ndipo pamodzi ndi Chizumulu chimapanga boma laling'ono kwambiri m'dziko la Malawi, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 14,500. Kukula kwa Likoma ndi makilomita 18 okha mbali zonse, ndipo poti mbali yaikulu ndi miyala ndi milambe, malo abwino kumangapo nyumba, makamaka a m'mphepete mwa nyanja, ngochepa. Amene amafuna malo otere kuchokera kunja ali magulu awiri: amalonda ofuna kumanga malo ogona alendo, ndi ana kapena zidzukulu za matchona, amene ndi anthu omwe anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku Joni osabwereranso. Gulu lachiwirili ndilo limene lamulo limalidzidzimutsa, chifukwa lamulo limaona unzika wolembedwa m'zitupa, osati kumene kuli manda a makolo.

Malamulo okhudza alendo akhala akukhwima pang'onopang'ono. Kusintha kwa lamulo la malo mu 2004 kunalamula kuti munthu amene si nzika asapatsidwe malo kuposa pa lizi ya zaka 50, lizi kukhala pangano lobwereka malo kwa nthawi yoikika, komanso kuti wogulitsa ayambe walengeza m'nyuzipepala kuti Amalawi akhale oyamba kupeza mwayi. Malamulo atsopano a malo a 2016 anatseka njira yopatsa anthu umwini watsopano wamuyaya, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inafika poletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika. Khomo lotsala ndi la wobweretsa chuma, amene angabwereke malo a bizinesi kudzera ku bungwe la Malawi Investment and Trade Centre, koma khomo limeneli silinakonzedwere munthu wongofuna nyumba yopumuliramo atakalamba.

Nkhaniyi imaoneka bwino ikayang'anidwa kuchokera ku Chitungwiza, tauni yomwe inapangidwa mu 1978 pophatikiza malokishoni a St Mary's, Zengeza ndi Seke kum'mwera kwa Harare m'dziko la Zimbabwe (lomwe kale linali Rhodesia), kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi. Anthu amenewa kwa zaka zambiri ankanyamula zitupa zowatchula kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la Zimbabwe la 2001 linawakakamiza kukana unzika wa makolo awo, ngakhale ambiri mwa iwo anali asanapondeko ku Malawi. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anavomereza kuti obadwira m'dzikomo kwa makolo a m'maiko a SADC ndi nzika zobadwa, pomwe Malawi inalola unzika wa maiko awiri posintha lamulo lake kumapeto kwa 2018. Chotsatira chake nchakuti mdzukulu wobadwira ku St Mary's, amene agogo ake anabatizidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter cha pa Likoma chomwe amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903, ayenera kuyamba wakonza za unzika wake ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko asanakambe mtengo ndi aliyense.

Palinso kusiyana kwa chizolowezi kumene kumasokeretsa ogula otere. Ku Chitungwiza nyumba zambiri zimasintha manja pongosintha dzina la mwini m'kaundula wa khonsolo, kotero wogula amazolowera kuti pali ofesi imodzi yotsimikiza zonse. Pa Likoma malo ambiri a m'midzi ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu pansi pa Mfumu Yaikulu Mkumpha, ndipo munthu mmodzi wa m'banja angalandire ndalama ndi kulemba kalata yodindidwa ndi nyakwawa pomwe abale ena sanavomere. Kalata yotero ndi umboni chabe wakuti ndalama zinaperekedwa. Umwini wodalirika umadza malowo akayezedwa ndi kulembedwa ku Unduna wa za Malo. Njira yachidule imene ambiri amatsata, yolembetsa malo m'dzina la m'bale amene ndi nzika, ndiyo yoopsa koposa, pakuti m'baleyo akamwalira nyumbayo imalowa m'chuma cha masiye cha ana ake.

Kumanga nakonso kuli ndi mtengo wake wa pachilumba, popeza simenti, malata ndi matabwa zimabwera pa sitima monga Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndipo kwa zaka zambiri thumba lililonse linkatsitsidwira m'boti laling'ono lisanasenzedwe pamutu kukafika pamtunda.

Zilumba ndi maiko ena a m'chigawo chino anasankha njira yosiyana. Mauritius inatsegula nyumba zina kwa alendo kuyambira 2002 ndipo imapereka chilolezo chokhala m'dzikomo kwa wogula nyumba yosachepera madola a ku America 375,000, pomwe ku Zanzibar malo onse ndi a boma ndipo mlendo amapeza nyumba pa lizi yokha. Ku Mozambique, kumene gombe lake limaoneka bwinobwino munthu ali pa Likoma, malo sagulitsidwa konse, ndipo lamulo la 1997 limangopereka ufulu wowagwiritsa ntchito wotchedwa DUAT.