Mbiri ya Umisiri wa Mipando M'chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi chili m'boma la Zomba, makilomita osakwana 20 kuchokera mumzinda wa Zomba polowera ku Liwonde. Mtsinje wa Domasi, umene udapatsa dzina chigwachi, umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Malowa ndi otchuka chifukwa cha maphunziro, pakuti kumeneko n'kumene kuli Malawi Institute of Education ndiponso Domasi College of Education. Komatu chigwachi chilinso ndi mbiri ina imene sikambidwa kawirikawiri, ya amisiri opala matabwa, okhoma mipando ndi okonza mipando yothyoka. Mbiri imeneyi ndi yolukanalukana ndi mbiri ya nkhalango, chifukwa mitengo itayamba kusowa, luso lokonza zakale lidasanduka lofunika ngati luso lopanga zatsopano.

Azungu asanafike, Amang'anja ndi Ayao a m'derali anali kale ndi amisiri awo. Iwo ankasema mitondo, misi, mipini, zipande, ngalawa ndi timipando ta mtengo umodzi pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi kasemasema. Anthu ambiri ankakhala ndi kugona pamphasa kapena pamkeka, ndipo mpando unali wa mfumu kapena munthu wolemekezeka. Amisiriwo ankadziwa bwino khalidwe la mtengo uliwonse: wosang'aluka msanga, wosafumbwa ndi wosadyedwa ndi chiswe. Chimene analibe chinali sowo yochekera matabwa, misomali ndi njira yolumikizira thabwa ndi linzake.

Luso la matabwa lidafika ndi mishoni. Mpingo wa Church of Scotland udakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 Alexander Hetherwick adatsegula nthambi yake ku Domasi, m'dziko la mfumu Malemia. Amishoniwo ankakhulupirira kuti kuwerenga kuyenera kuyendera limodzi ndi ntchito zamanja. Padalinso chifukwa china chowakakamiza: katundu yense wochokera ku Ulaya ankadzera pamadzi m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, kenaka n'kusenzedwa pamutu ndi amtengatenga. Kuitanitsa chitseko kapena benchi kuchokera ku Scotland kukadadya ndalama ndi miyezi yambiri. Motero anyamata a pamishoni adaphunzitsidwa kucheka matabwa, kuwapala ndi kuwalumikiza. Umboni wa luso la amisiri oyambawo ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chidamangidwa ndi manja a Amalawi kuyambira mu 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Mu 1909 mishoniyo idatsegula sukulu ya Henry Henderson Institute, kumene ukalipentala unali limodzi la maphunziro ake.

Zomba itakhala likulu la boma la atsamunda mu 1891, ntchito ya amisiri idachuluka. Maofesi, makhoti, zipatala ndi nyumba za akuluakulu a boma zinkafuna matebulo, makabati, makama ndi mipando. Mitengo inali pafupi. M'mbali mwa mitsinje munali mbawa zikuluzikulu zamatabwa ofiira, m'nkhalango za m'munsi mwa mapiri munali mlombwa, ndipo mkungudza wonunkhira, umene chiswe sichiudya, unkachokera kuphiri la Mulanje. Macheka ankagwetsa mtengo, kuugoneka pamwamba pa dzenje, n'kuucheka awiriawiri, wina pamwamba wina m'dzenjemo. Mipando ya nthawi imeneyo inkalumikizidwa poboola thabwa limodzi ndi kulowetsamo nsonga ya linzake. Mpando wotere ukayamba kugwedera, mmisiri amatha kuumasula, kuchotsa guluu wakale, n'kuumanganso popanda kuononga thabwa ndi limodzi lomwe.

Gawo lachiwiri la mbiriyi lidayamba ndi boma. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, zidayendera sukulu za m'dziko muno n'kulangiza kuti maphunziro azigwirizana ndi moyo wa kumudzi. Boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Carnegie. Dzinalo lidachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene adapereka chuma chake kuti chitukule sukulu za anthu akuda a kumidzi ya ku America. Aphunzitsi ankabwera ku Domasi ndi akazi awo, ndipo pamwamba pa kaphunzitsidwe ankaphunzira ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Cholinga chinali choti mphunzitsi akabwerera kwawo azitha kudzipangira ndi kudzikonzera zipangizo za pasukulu ndi za pakhomo, anthu a m'mudzi n'kumaonera.

Maphunziro amenewa sadakondweretse aliyense. Amalawi ambiri ophunzira ankaona kuti boma likulimbikira za khasu ndi sowo pofuna kuwatsekera njira ya maphunziro apamwamba. Kudandaula kwawo kunali ndi maziko, pakuti sukulu yoyamba ya sekondale, ya Blantyre, idatsegulidwa mochedwa mu 1940, ndipo ya Zomba Catholic idatsatira mu 1942. Tsoka lake n'lakuti mkanganowo udasiya chipsera. Ntchito yamanja idayamba kuonedwa ngati ya munthu amene sukulu yamukanika, ndipo maganizo amenewa adapitirira ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964.

M'zaka zomwezo makhalidwe a m'nyumba ankasintha. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, pamodzi ndi aphunzitsi ndi akalaliki, ankafuna nyumba yokhala ndi tebulo, kama ndi mpando wandalema. Pambuyo pake padafika sofa, ndipo pamodzi ndi sofayo padabadwa mmisiri wa mtundu wina, wokuta mipando. Poyamba m'mipando ndi m'matiresi ankaikamo thonje kapena khonje, kufikira pamene siponji ya m'mafakitale idayamba kupezeka. Ntchito ya mmisiriyu ili ndi dongosolo lake. Amayamba wasenda nsalu yakale ndi kuzula timisomali tonse, kenaka amayesa mafupa a mpandowo, ndiye kuti matabwa a m'kati, kuti aone ofumbwa ndi othyoka. Akalimbitsa mafupawo amakunga masipuling'i, kapena malamba odulidwa ku matayala otha a galimoto, n'kuyalapo chiguduli. Pamwamba pake amaikapo siponji, ndipo pomalizira amadula nsalu, kuisoka pamakina ndi kuikunga kuti isachite makwinya. Mbali zoonekera za matabwa amazipala ndi sandipepa n'kuzipaka vanishi.

Pamene zonsezi zinkachitika, mitengo yachilengedwe inkatha. Boma lidateteza nkhalango ya phiri la Zomba mu 1913, ndipo m'zaka zotsatira, makamaka kuyambira cha m'ma 1950, lidabzala paini wochuluka pamwamba pa phirilo. Paini amakula msanga ndipo savuta kupala, koma ndi wofewa, sapirira chiswe ngati mlombwa. Kuchuluka kwa anthu, kutsegula minda, kuotcha makala ndi moto wolusa zidachepetsa mbawa ndi mlombwa, ngakhalenso paini yemweyo. Mkungudza, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu kuphiri la Mulanje. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsa kadulidwe ka mitengo yachilengedwe, koma lamulo silingafulumizitse mtengo kukula. Mlombwa umatenga zaka makumi ambiri kuti ufike pochekedwa, kotero wodula lero sadzaona wolowa m'malo mwake.

Apa ndi pamene kufunika kwa wokonza mipando kudaonekera poyera. Tebulo la mbawa lopangidwa m'nthawi ya sukulu ya Jeanes lili ndi matabwa amene mmisiri wa lero sangawapeze mosavuta, ngakhale atakhala ndi ndalama. Kulitaya chifukwa mwendo umodzi wathyoka n'kutaya mtengo wa zaka zambiri. Mosiyana ndi limenelo, sofa yambiri yonyezimira ya m'misika imabisa matabwa osauma okhomedwa ndi misomali yokha, ndipo pakapita zaka zochepa imayamba kulira munthu akakhalapo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Sukulu nazo zidaphunzirapo kanthu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ana ambiri ankakhala pansi chifukwa cha kuchepa kwa madesiki. Pamalo otere desiki yothyoka youndidwa pakona ya kalasi ndi malo a ana awiri kapena atatu, ndipo kuikonza kumafuna thabwa limodzi ndi misomali yowerengeka basi.

Mu 1999 boma lidakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo m'boma la Zomba muli koleji ya zaumisiri ya Nasawa. Ngakhale zili choncho, amisiri ambiri a m'malo a malonda monga Songani amaphunzira monga momwe ankaphunzirira akale, pokhala pambali pa mmisiri wamkulu, kuyambira kuongola misomali yopindika mpaka kudzatha kudula nsalu payekha.

Mbiri ya Domasi ikuonetsa kuti amene ankakana kupatsidwa sowo m'malo mwa buku anali ndi chifukwa chomveka. Ikuonetsanso kuti kunyoza sowoyo kudabweretsa umphawi wa mtundu wina. Wophunzira wodziwa masamu a miyeso, sayansi ya mitengo ndi kawerengedwe ka phindu ndiye angathe kutukula ntchitoyi kuposa amene adamutsogolera. Mbawa zimene zidagwetsedwa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi zaka 100 zapitazo zikadalipo m'matchalitchi, m'maofesi ndi m'nyumba za anthu, ndipo kutalika kwa moyo wake kuli m'manja mwa amisiri odziwa kuzikonza.