Mtsikana wa ku Malibu ndi mwamuna wovala wigi

Filimu ya Gidget ndinaionera ndili wamkulu kale, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya mtsikana weniweni amene filimuyi inachokerapo.

M'chaka cha 1956, Kathy Kohner, ali ndi zaka 15, ankapita kugombe la Malibu ku California, kumene kagulu ka anyamata kankaswera pamadzi, kukwera mafunde ataimirira pathabwa. Mmodzi wa iwo, Terry Tracy, amene anzake ankamutcha Tubesteak, ankagona m'kachisakasa pamchenga pomwepo. Kathy ankanyamula masangweji kunyumba n'kumawagawira kuti amulole kukhala nawo ndi kumuphunzitsa. Poti anali wamfupi, anam'patsa dzina loti Gidget, lophatikiza mawu awiri a Chingerezi otanthauza mtsikana ndi munthu wamfupi. Bambo ake, a Frederick Kohner, Myuda wolemba nkhani za mafilimu amene anathawa ulamuliro wa Nazi ku Ulaya, ankatchera khutu mwana wawo akamasimba za kunyanja. Buku lawo linatuluka mu 1957, ndipo mu 1959 kampani ya Columbia Pictures inatulutsa filimu. Wosewera ngati Gidget anali Sandra Dee.

Apa ndiye pamandiwawa. Mukaona Gidget patali akutsetsereka pafunde, ameneyo si Sandra Dee ayi. Ndi Mickey Muñoz, mnyamata wa thupi laling'ono, atavala wigi ndi chovala chosambira cha akazi. Wosewera wina m'filimuyi, James Darren, nayenso amene anam'kwerera mafunde ndi Miki Dora, mmodzi wa okwera mafunde a ku Malibu. Nkhope zapafupi anazijambula mu situdiyo, osewera atayima pouma, mafunde akuonetsedwa kumbuyo kwawo. Ngakhale gombe lenilenilo si la Malibu pamene Kathy anaphunzirira. Anakajambulira ku Leo Carrillo, chakumadzulo ndithu.

Filimu itatuluka, achinyamata anakhamukira kunyanja. Inalinso nthawi imene Hobie Alter ndi Gordon Clark anayamba kupanga matabwa a fomu, opepuka ndi osavuta kupanga ambiri kusiyana ndi a mtengo wa balsa. Gombe limene linali la anthu odziwana mayina linadzaza, ndipo eni ake akale, makamaka Dora, anadandaula kwa zaka zambiri.

Madandaulo awo ndimawamva, koma mtima wanga uli kwa Kathy. Iye analowa m'madzi yekha pakati pa amuna, anagwa, anamwa madzi amchere, mpaka anaima pathabwa. Mafunde a m'filimu yake anayenera kukweredwa ndi mtsikana.