Sibawayh, mlendo amene analemba malamulo a Chiarabu

Buku lakale kwambiri la malamulo a Chiarabu limene tili nalo lero, al-Kitab, silinalembedwe ndi Mwarabu. Analilemba ndi Sibawayh, mwana wa ku Persia, wobadwira kufupi ndi Shiraz.

Ku Basra iye anapitira Hadith, osati galamala. Tsiku lina, ali pamaso pa Sheikh Hammad ibn Salama, anaphonya katchulidwe ka liwu limodzi, ndipo Sheikh anamudzudzula anzake akumva. Manyazi otere ndiwo amabweza akuluakulu pakhomo la madrasa kuno kunyanja. Ndawaonapo abambo akusiya alifu ndi bee chifukwa kamwana kaseka. Sibawayh sanathawe. Anakakhala pansi kwa al-Khalil ibn Ahmad, mphunzitsi amene dzina lake limabwera kambirimbiri m'bukumo.

Ku Baghdad zinamuipira. Anatsutsana ndi al-Kisa'i wa ku Kufa pa chiganizo chonena za mbola ya mavu ndi ya chinkhanira. Aarabu a m'chipululu amene anaitanidwa kudzaweruza anakhalira kumbuyo al-Kisa'i, ndipo ena amati anachita kugulidwa. Sibawayh anabwerera kwawo ali wokhumudwa, namwalira cha m'ma 796 asanakalambe. Bukulo linafika kwa anthu kudzera mwa wophunzira wake, al-Akhfash.