Ulendo wa m'Chisanu: Kuchokera ku Dedza Kukaona Mudzi wa a Jumbe

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Aliyense amene anagonapo ku Dedza m'mwezi wa Juni amadziwa kuti wudhu wa swala ya Fajr ndi mayeso paokha. Madzi a mumtsuko amaluma zala, nkhungu imaphimba phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana a madrassa amafika atadzikulunga m'zitenje manja ali m'khwapa. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti kukwaniritsa wudhu pa nthawi yovuta ndi chimodzi mwa zinthu zimene Allah amafufutira machimo, ndipo ife a kumapiri timaikumbukira Hadith imeneyi kuposa abale athu a kunyanja. M'nyengo yotereyi ndi m'mene ife, aphunzitsi ndi ophunzira akuluakulu, tinaganiza zotsikira ku Nkhotakota kukaona malo amene Chisilamu chinayambira kuzika mizu m'chigawo chapakati cha dziko lino.

Tisananyamuke, wophunzira wina anafunsa funso limene linatiyendetsa ulendo wonse. Iye anamva akuluakulu ena akutchula Nkhotakota kuti mzinda wopatulika wa Asilamu a m'Malawi, ndiye anafuna kudziwa ngati ulendo wathuwu unali ziyara yokhala ndi sawabu zapadera. Tinamuuza kuti yankho alipeza tikaona malowo ndi kumva mbiri yake yonse, yokoma ndi yowawa yomwe.

Ulendo ndi nyengo

Qur'an yolemekezeka ili ndi Surah yaifupi imene imakumbutsa Akuraishi za maulendo awo awiri a malonda, wa m'nyengo yozizira ndi wa m'nyengo yotentha. Omasulira Qur'an amafotokoza kuti kukazizira ankapita ku Yemen, kukatentha nkulowera ku Sham. Choncho munthu woyenda ulendo moyang'ana nyengo sakuchita chachilendo. Koma Allah sanamangirire mapemphero athu ku nyengo imodzi. Aarabu akale ankasuntha miyezi kuti igwirizane ndi zofuna zawo, ndipo Surah At-Tawbah inathetsa mchitidwe umenewu. Chaka cha Hijri chimachepa ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi chaka cha dzuwa, motero Ramadhan ndi Hajj zimazungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Tikukumbukira kuti mu 2016 tinamanga Ramadhan m'chisanu cha Juni, masiku ali aafupi. Hajj ya 2007 inagwa mu Disembala, ku Makkah kukuzizira, pamene ya 2024 inagwa mu Juni, ndipo anthu oposa 1,300 anamwalira m'kutentha kwa chaka chimenecho. Chisanu chathu ndi dzuwa lawo. Amene akusonkha ndalama za Umrah adziwe kuti Umrah ndi yololedwa chaka chonse, ndipo miyezi yozizira ku Hijaz ndi imene ife kuno timakhala tili kalikiliki kupalira chimanga.

Tinatsika mapiri kudzera msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, majuzi tikuvula limodzilimodzi, mpaka tinalowa msewu wa m'mbali mwa nyanja wodutsa ku Salima. Popeza mtunda wake ukuposa makilomita pafupifupi 81 amene maulama a madh-hab a Imam Shafi'i anaika, komanso sitinalinge zokhala masiku anayi, tinapungula swala za marakaa anayi kukhala awiri, nkuphatikiza Dhuhr ndi Asr. Tinakumbutsana lamulo lina la madh-hab omwewa: chilolezo chopungula swala ndi cha ulendo wosakhala wauchimo. Lamulo limeneli tinadzalikumbukanso mawa lake titaima pagombe.

Mudzi wa a Jumbe

Ku Nkhotakota tinapeza mphepo ya mwera ikuwomba, nyanja itakwiya, mabwato ambiri atakokeredwa pamchenga. Panalibe alendo ena pa malo akale aja, ndipo tinali ndi mpata wokhala pansi ndi kufunsa akuluakulu a pamudzi mosathamanga.

Cha m'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina wamalonda dzina lake Salim bin Abdallah anafika pagombe limeneli napempha malo kwa mfumu ya Achewa, Malengachanzi. Iye ndiye Jumbe woyamba. Anamanga linga, nchifukwa chake dera lakale la tawuniyi limatchedwabe Linga mpaka lero. Anakhoma zombo za matanga zowolotsa katundu kupita tsidya la kum'mawa, kumene amtengatenga ankanyamula ulendo wapansi wopita ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere. A Jumbe ankadziona ngati oimira Sultan wa ku Zanzibar. Pamodzi ndi iwo kunabwera Chiswahili, zilembo za Chiarabu, kulima mpunga kwambiri, mzikiti ndi adhana. Pang'onopang'ono mphamvu za mlendo zinaposa za mwini nthaka.

David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo waukulu umene amati anakumanirapo ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa ulipobe. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wachitatu, Mwinyi Kisutu, ndipo mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi. Jumbe wachitatuyu atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse. Angerezi anamuchotsa nkumutumiza ku Zanzibar mu 1895, ndipo ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo. Zotsala za mzikiti wakale ndi manda a a Jumbe ndi zina mwa zimene mlendo amaonetsedwa lero.

Chodabwitsa nchakuti ufumu utagwa, Chisilamu sichinagwe nawo. Chinafalikira kwambiri nthawi ya atsamunda, ndipo ochifalitsa sanali amfuti koma mashehe oyenda pansi ndi mabuku awo. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa, anaphunzitsa anthu ambiri m'mbali mwa nyanja, ndipo ophunzira ake anakatsegula madrassa m'midzi yakutali. Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje anachita chimodzimodzi pakati pa Ayao. Mu 1929 mayi wophunzira, Mtumwa binti Ali, anabweretsa twarika ya Qadiriyya ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar, ndipo amayi ambiri anapeza malo m'maphunziro a chipembedzo kudzera mwa iye. Ife a ku Dedza Chisilamu chinatifika makamaka kudzera mwa Ayao amene anakhazikika kum'mawa kwa boma lathu, monga kwa Tambala, pambuyo poti mafumu aakulu a Ayao, kuyambira ndi Makanjira cha m'ma 1870, analowa Chisilamu. Koma unyolo wa aphunzitsi athu, ukautsata bwino, nthawi zambiri umakafika kunyanja, ndipo kuchokera kunyanja umakafika ku Kilwa ndi Zanzibar.

Zimene zombo zinkanyamula

Tikanalekera pamenepa tikanakhala titanama. Zombo za a Jumbe sizinkanyamula minyanga ya njovu yokha. Zinkanyamulanso anthu. Nkhotakota inali limodzi mwa madoko aakulu a malonda a akapolo pa nyanja yonse ya Malawi. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, kuwolotsedwa, kenako kuyendetsedwa miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankafera m'njira. Maulendo amenewa ankachitika makamaka m'chilimwe, mvula itatha, mitsinje itaphwa ndiponso ntchito ya kumunda itachepa. Nyengo imene ife tinapeza gombe lili zii ndi imene kale njira za kumtunda zinkayamba kudzaza ndi magoli.

M'gulu lathu munali ana a Ayao ndi ana a Achewa. Makolo a ena mwa ife anathawira m'mapanga a mapiri a Dedza kuopa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo, ndipo makolo a ena mwina anali m'gulu la owasakawo. Palibe amene analankhula kwa kanthawi. Kenako tinafunsana: kodi Shariya imati chiyani pa zimene zinachitika pano?

Yankho silovuta. Mu Hadith imene anailandira Imam Bukhari, Allah akunena kuti pa tsiku lachiweruzo adzakhala mdani wa anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene anagulitsa mfulu nadya ndalama zake. Maulama anagwirizana kuti chiyambi cha munthu aliyense ndi ufulu. Ahmad Baba wa ku Timbuktu analemba mu 1615 poyankha amalonda a kumpoto kwa Africa kuti khungu lakuda si chifukwa chochititsa munthu kukhala kapolo. Kutentha mudzi usiku, kugwira mwana ali kumunda ndi kumusinthanitsa ndi nsalu kapena wonga wa mfuti ndi kuba anthu, ndipo palibe khomo la fiqh limene kumalowera. Apa ndi pamene tinakumbuka lamulo la dzulo lija. Malinga ndi madh-hab amene amalondawo ankatsatira, ulendo wokagulitsa mfulu ndi ulendo wauchimo, ndipo woyenda ulendo wotere alibe ngakhale chilolezo chopungula swala. Buku la fiqh limene linali m'thumba mwa wamalonda linali kumutsutsa mwini wakeyo.

Tisaope kunena zimenezi pamaso pa ophunzira athu. Akapanda kuzimva kwa ife adzazimva kwa ena amene adzawauze kuti chimenecho ndicho Chisilamu. Qur'an imatilamula kuikira umboni mwachilungamo ngakhale utakhala wotsutsa ife eni kapena makolo athu. Imatiphunzitsanso kuti mibadwo imene inapita ili ndi zimene inapata, ifenso tili ndi zathu. Chiweruzo cha a Jumbe chili kwa Allah. Chathu ndi kusabisa choipa chifukwa choti wochichita ankaswali, komanso kusataya chabwino chifukwa choti chinabwera m'chombo chimodzi ndi choipa.

Kodi ndi mzinda wopatulika?

Tsopano tibwerere ku funso la wophunzira uja. Mu Hadith yodziwika imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (SAW) anatchula mizikiti itatu yokha imene munthu amamangira ulendo chifukwa cha ulemerero wake: Msikiti Wopatulika wa ku Makkah, Msikiti wa Mtumiki ku Madina, ndi Al-Aqsa ku Al-Quds. Swala imodzi mu Msikiti wa Mtumiki imaposa swala 1,000 za kwina kupatula ku Makkah. Mzikiti wa ku Linga, ngakhale ndi wakale chotani, swala yake ndi yofanana ndi ya mu mzikiti wa udzu wa kwa Tambala. Kupatulika kwa malo sikuchokera ku ukale wake kapena ku chikondi chathu, kumachokera ku mawu a Allah ndi Mtumiki wake.

Pa tanthauzo lenileni la Hadith imeneyi maulama anasiyana. Sheikh Abu Muhammad al-Juwayni anaona kuti kumanga ulendo wopita ku manda a anthu abwino ndi malo ena otero nkoletsedwa, ndipo Ibn Taymiyya analimbikira kwambiri maganizo amenewa. Imam al-Ghazali ndi Imam an-Nawawi anaona kuti Hadith ikunena za ulemerero wa mizikiti itatuyo, osati kuletsa maulendo ena, ndipo Taqi ad-Din as-Subki analemba buku lathunthu loyankha Ibn Taymiyya. Kusiyana kumeneku nkwakale, ndipo mthunzi wake timauonanso kwathu kuno m'mikangano ya a twaliki ndi a sukuti pa nkhani za maliro. Wophunzira azidziwa mbali zonse ziwiri ndi maumboni ake asanatsegule pakamwa kunyoza m'bale wake.

Koma pali zimene onse anagwirizana. Ulendo wofuna maphunziro, wa malonda ololedwa, ndi wokaona abale ndi wololedwa kulikonse. Swahaba Jabir bin Abdillah (RA) anayenda mwezi wathunthu kutsata Hadith imodzi kwa Abdullah bin Unays (RA). Qur'an m'malo angapo imatiuza kuti tiyende padziko ndi kuona mathero a amene analipo kale. Ndipo munthu akafika pamanda a Asilamu, Sunnah ndi kuwapatsa salamu, kuwapemphera chikhululuko ndi kukumbukira imfa, osati kupempha kwa iwo kapena kutapa dothi lawo. Izi ndi zimene tinachita. Tinapemphera omwe anagona pamenepo, ndipo tinakumbukiranso aja amene alibe manda odziwika, amene mafupa awo anatsala m'njira ya ku Kilwa.

Kwa aphunzitsi anzathu

Tikulangiza madrassa amene angathe kuti ayende ulendo wotere, ndipo chisanu ndi nthawi yabwino: misewu ndi youma, zokolola zili m'nkhokwe, kunyanja sikutentha kwambiri. Konzekerani musanapite. Werengani ndi ophunzira mlango wa swala ya wapaulendo ndi mlango wa kuyendera manda. Mukafika yambani mwaonana ndi akuluakulu a mzikiti ndi a mudzi, pakuti mlendo salowa m'munda mwa eni osaodira. Lembani zimene okalamba akukuuzani, makamaka maina a mashehe ndi amene anawaphunzitsa, chifukwa mbiri yambiri ya Chisilamu m'dziko lino idakali m'mitu ya anthu, ndipo chaka chilichonse timaika ina m'manda.

Tinabwerera ku Dedza usiku, nkhungu itatsekanso msewu pamwamba pa Golomoti. M'mawa mwake wophunzira uja anali woyamba pa mtsuko wa wudhu, ndipo pambuyo pa Fajr anapempha kuti tiyambe kulemba unyolo wa aphunzitsi a madrassa yathu, kuyambira kwa amene akutiphunzitsa lero kubwerera m'mbuyo mpaka pamene okalamba angakumbukire. Ntchitoyo tayiyamba.

Tikupempha Allah atikhululukire ife ndi abale athu amene anatitsogolera m'chikhulupiriro, atipatse mwayi wokafika ku mizikiti itatu ija, ndipo atiteteze ku kupondereza munthu aliyense. Allah ndiye Wodziwa koposa.