Zilonda Zapakhosi ndi Mtima wa Mwana

Kale m'midzi ya ku Malomo, mwana akatupa kukhosi nalephera kumeza nsima, agogo ake ankamthowa ndi kansalu kofunda namchukuchitsa madzi amchere. Ululu ukatha, onse ankati wachira. Komatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: patapita masabata awiri kapena atatu, ana ena ankatupa mawondo ndi akakolo, ndipo atakula ankachita befu, mtima utawonongeka. Pamaliro ankatchula ufiti. Khosi lija panalibe wolikumbukira.

Penisilini, amene Alexander Fleming adamtulukira ku London mu 1928, ndiye adatseka njira imeneyi, pakuti amapha tizilombo tapakhosipo nthendayo isanafike kumtima. Wochedwa, amene mtima wakhudzidwa kale, amabayidwa jakisoni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri.