Manja Amene Anapsa: Mmene Kujambula X-ray Kunasandukira Ntchito Yophunzirira

Aliyense amene anaperekezapo wodwala ku chipinda cha X-ray amadziwa zimene zimachitika mmenemo. Wojambula amamuimika wodwala bwinobwino, n'kumuuza kuti akoke mpweya ndi kuugwira, kenako iye amakaima kuseri kwa khoma asanadine batani. Woperekeza amatulutsidwa. Ngati wodwalayo ndi mayi, amayamba wafunsidwa ngati ali woyembekezera. Odwala ena amadabwa, ndipo amafunsa kuti: ngati makinawa ndi abwino, bwanji mwiniwake akuwathawa? Yankho lake lili m'mbiri ya ntchitoyi, chifukwa pafupifupi lamulo lililonse la m'chipinda chimenechi linabwera pambuyo poti munthu wina wavulala.

Chiyambi chake

Pa 8 November 1895, Wilhelm Conrad Röntgen, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Würzburg ku Germany, ankayesa kudutsitsa magetsi m'chubu chagalasi chimene anachikuta ndi pepala lakuda. Anaona kuti pepala lina lopaka mankhwala, limene linali chapatali, likuwala. Anazindikira kuti pali cheza chosaoneka ndi maso chimene chikudutsa zinthu, ndipo poti sanachidziwe, anachitcha X. Mu December chaka chomwecho anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete. Röntgen sanafune kuti luso limeneli likhale lake yekha mwa lamulo, choncho aliyense amene anali ndi chubu ndi magetsi anatha kuliyesa. Pofika 1896, John Macintyre anali atatsegula kale chipinda cha X-ray pa chipatala cha Glasgow Royal Infirmary ku Scotland. Mu 1901 Röntgen analandira mphoto ya Nobel yoyamba ya fizikisi.

Luso linafalikira msanga kuposa maphunziro ake. M'zaka zoyambirira kunalibe sukulu ya ojambula X-ray. Amene ankagwira makina anali ojambula zithunzi wamba, amisiri a magetsi, anamwino, akalaliki a m'chipatala, ngakhalenso onyamula odwala. Kujambula chithunzi chimodzi kunkatenga mphindi zambiri, ndipo chubu chinali pamtunda popanda chotchinga. Ambiri ankayesa mphamvu ya makina m'mawa uliwonse poika dzanja lawo kutsogolo kwa chubu kuti aone ngati mafupa akuoneka bwino.

Zotsatira zake sizinachedwe. Khungu la m'manja linkafiira, ubweya n'kusosoka, zikhadabo n'kuphwanyika, kenako pankabuka zilonda zosapola zimene zinkasanduka khansa. Clarence Dally, amene ankathandiza Thomas Edison ku America, anadulidwa manja onse awiri ndipo anamwalira mu 1904. Elizabeth Fleischman wa ku San Francisco, amene poyamba ankalemba mabuku a ndalama asanadziphunzitse kujambula, anatchuka pojambula asilikali ovulala, koma naye anadulidwa mkono n'kumwalira mu 1905. Ernest Harnack wa pa London Hospital anataya manja onse awiri. Mu 1936, pa chipatala cha St Georg ku Hamburg anaimika mwala wokumbukira anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene anafa chifukwa cha X-ray ndi radium. Poyamba panalembedwa mayina 169, ndipo ena anawonjezedwa pambuyo pake.

Nkhondo, maphunziro ndi malamulo

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaonetsa kuti makina opanda munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito ndi achabe. Madokotala ankafuna kudziwa pamene pali chipolopolo kapena chidutswa cha bomba asanang'ambe munthu. Marie Curie anakonza magalimoto pafupifupi 20 onyamula makina a X-ray kupita nawo kufupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo ku France. Ataona kuti ogwira makinawo akusowa, iye ndi mwana wake Irène anaphunzitsa amayi pafupifupi 150. Maphunzirowo anali a magetsi, kapangidwe ka thupi la munthu ndi katsukidwe ka zithunzi. Mitu imeneyi idakali pakati pa zimene wojambula amaphunzira mpaka lero.

Nkhondo itatha, anthu ogwira ntchitoyi anayamba kudzisonkhanitsa. Mu 1920 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Society of Radiographers, ndipo chaka chomwecho Ed Jerman anatsogolera kukhazikitsa bungwe lofanana nalo ku America. Cholinga chinali chakuti munthu aziyamba waphunzira ndi kulemba mayeso asanaloledwe kujambula wodwala. Mu 1921 komiti ya ku Britain inatulutsa malangizo otetezera ogwira ntchito ku cheza, ndipo mu 1928, pa msonkhano wa ku Stockholm, kunabadwa komiti ya mayiko onse imene lero imadziwika kuti ICRP. Mu 1939 Kathleen Clark, wojambula wa ku London, anasindikiza buku lofotokoza kaimikidwe ndi kagonekedwe ka wodwala pa chiwalo chilichonse, lotchedwa Positioning in Radiography, limene likusindikizidwabe ndi kuphunzitsidwa.

M'nyengo imeneyi ndi mmene ntchito ziwiri zinasiyanirana. Radiographer ndi amene amakonza wodwala, kusankha mphamvu ya makina, kujambula, ndi kuonetsetsa kuti chithunzi chatuluka bwino popanda kupereka cheza chopitirira muyezo. Radiologist ndi dokotala amene anapitiriza maphunziro a kuwerenga zithunzi ndi kunena matenda. Ndi m'nyengo yomweyinso mmene munakhazikika mfundo zitatu zodzitetezera: kuchepetsa nthawi imene munthu ali pa cheza, kutalikira, ndi kutchinga ndi mtovu kapena khoma lochindikala. Munthu akatalikira kawiri kuchokera pa gwero la cheza, chimene chimamufika chimatsika n'kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi. Wodwala amajambulidwa kamodzi pa nthawi yaitali, pamene wojambula amakhala m'chipindamo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake amakaima kuseri kwa khoma, ndiponso amavala kabaji koyeza cheza chimene walandira.

Malamulo oyambawo ankateteza kwambiri ogwira ntchito. Za wodwala zinadzaonekera bwino mu 1956, pamene Alice Stewart wa ku Oxford anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ana amene amayi awo anajambulidwa X-ray pamimba ali oyembekezera ankadwala khansa mochuluka kuposa anzawo. Akatswiri ambiri anamutsutsa, ndipo panapita zaka chizolowezicho chisanasiyidwe. Funso lija limene mayi amafunsidwa pakhomo la chipinda cha X-ray linachokera pamenepa.

Chifuwa chachikulu ndi migodi

Matenda amene anafikitsa X-ray kwa anthu ochuluka ndi TB. Mu 1936, dokotala wa ku Brazil, Manuel de Abreu, anapeza njira yojambulira chifuwa pa kafilimu kakang'ono kotsika mtengo. Izi zinatheketsa kujambula anthu mazanamazana pa tsiku, ndipo m'mayiko ambiri magalimoto a X-ray anayamba kuyendera mafakitale ndi midzi.

Agogo athu ambiri anakumana ndi X-ray koyamba pa ulendo wa ku Joni. Amuna amene ankalembedwa ndi Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa ankapimidwa m'chifuwa, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1900 kupimako kunaphatikizapo tizithunzi tating'ono timeneti. Fumbi la m'migodi linkawononga mapapo ndi kutsegulira njira TB. Koma chithunzi chikaonetsa matenda, kawirikawiri munthuyo ankachotsedwa ntchito n'kubwezedwa kwawo, kumene chithandizo chinali chochepa, ndipo matendawo ankafalikira kwa achibale. Makina ankagwira bwino ntchito yake, ndipo chithunzi chinkanena zoona, koma amene ankapindula nacho anali mgodi. Ife amene tikuchita nawo ntchito yofufuza TB m'madera lero tiyenera kuikumbukira nkhaniyi. Kujambula munthu n'kumupeza ndi vuto popanda kumuyeza makhololo ndi kumufikitsa pa mankhwala n'kubwereza zomwezo.

Makina atsopano, luso latsopano

Mu 1958, Ian Donald, dokotala wa amayi ku Glasgow, pamodzi ndi injiniya Tom Brown ndi dokotala John MacVicar, anafalitsa zimene anapeza pounika m'mimba pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Imeneyi ndiyo sikani imene amayi oyembekezera amaidziwa ku sikelo. Ilibe cheza cha mtundu wa X-ray, koma ubwino wa zotsatira zake umadalira kwambiri dzanja ndi diso la wounikayo.

Mbali ina ya makina a CT inayambira kummwera kwa Africa kuno. Allan Cormack, amene anabadwira ku Johannesburg, ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956 pamene anayamba kuganizira masamu owerengera mmene cheza chimadutsira m'ziwalo zosiyanasiyana. Anafalitsa masamuwo mu 1963 ndi 1964, koma anthu ochepa okha ndi amene anawalabadira. Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI ku Britain, anapanga makina enieniwo payekha, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa mutu mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979. MRI, imene imagwiritsa ntchito maginito amphamvu m'malo mwa X-ray, inabwera pambuyo pake, ndipo Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield analandira Nobel chifukwa cha iyo mu 2003.

Makina aliwonse atsopano anabwera ndi udindo wake. CT ya pamimba imapereka cheza chochuluka kwambiri kuposa X-ray ya m'chifuwa. Chithunzi chimodzi cha m'chifuwa chimafanana ndi cheza chachilengedwe chimene tonsefe timalandira kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga kwa masiku osapitirira milungu iwiri, pamene CT ya pamimba imafanana ndi cha zaka pafupifupi zitatu. Ku MRI ngozi yake ndi zitsulo: silinda ya okosijeni kapena sizasi zikhoza kukokedwa mwamphamvu n'kuvulaza munthu. Amene amaima pakati pa ngozi zimenezi ndi wodwala ndi wojambula.

Kuno kwathu

Zimene luso limeneli lingachite m'manja oyenera zinaoneka pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene makina a MRI anaikidwa mu 2008. Kwa zaka zambiri sizinkadziwika bwino chimene chimapha ana odwala malungo a mu ubongo. Gulu la Karl Seydel ndi Terrie Taylor linajambula ana 168, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 okha ndi amene anali ndi kutupa kotere. Dziko lonse linaphunzira kuchokera ku Blantyre kuti kutupa kwa ubongo, kumene kumapanikiza mbali yolamulira kupuma, ndiko kumachititsa imfa zambiri. Kuti zithunzizo zitheke, panafunika anthu odziwa kugoneka mwana wokomoka m'makina ndi kumujambula mwamsanga asanamubwezere ku wodi.

M'dziko muno ojambula ambiri amaphunzira dipuloma pa Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo amalembetsa ku Medical Council of Malawi asanayambe ntchito. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka cheza, kuphatikizapo makina a m'zipatala. Madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri, choncho m'zipatala za m'maboma chithunzi chimawerengedwa ndi clinical officer kapena dokotala amene anachiitanitsa, ndipo nthawi zambiri wojambula ndiye amayamba kuona kuti pali vuto. Kuyambira 2021, bungwe la WHO limavomereza mapulogalamu a kompyuta owerenga X-ray ya m'chifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Komabe pulogalamu imawerenga chithunzi chimene yapatsidwa. Wodwala akaima mopendekeka kapena akapanda kukoka mpweya mokwanira, zotsatira zimasokonekera.

Mbiri imeneyi ikutipatsa ntchito tonsefe. Amene mumalemba fomu yoitanitsa X-ray, lembani chimene mukukayikira ndi chiwalo chenicheni, chifukwa fomu yongoti chifuwa imachititsa kuti wodwala ajambulidwe kawiri. Musaitanitse chithunzi pongofuna kukondweretsa wodwala amene akuchiumirira, ngati zotsatira zake sizisintha chithandizo. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, uzani anthu kuti X-ray imapima matenda koma sichiza, kuti cheza sichitsalira m'thupi munthu akajambulidwa, kuti mayi anene ngati ali ndi pakati kapena akudzikayikira, ndiponso kuti asunge chithunzi kapena lipoti lake pamodzi ndi buku la kuchipatala. Wojambula akabweza fomu kuti mufotokoze bwino, kapena akatulutsa woperekeza panja, musamuone ngati wovuta, chifukwa akutsata zimene anaphunzitsidwa.

Achinyamata a m'madera athu amene amakhoza masamu ndi fizikisi kawirikawiri amangodziwa za udokotala ndi unamwino. Auzeni kuti iyinso ndi ntchito ya zaumoyo, yokhala ndi nthambi zake monga sikani, CT, MRI ndi kuwotcha khansa ndi cheza. Pa 8 November chaka chilichonse dziko limakumbukira ntchito ya ojambula X-ray, ndipo tsikuli ndi mwayi wabwino woitanira wojambula wa pa chipatala chanu kuti akalankhule ndi ophunzira a ku sekondale yapafupi.