Kuchoka ku Buku la ku Positi Kufika ku Bokosi la Maloko Atatu

Akuluakulu a ku Mayani, kumapiri a Dedza, amakumbukirabe kabuku ka ku positi. Mlimi akagulitsa nyemba kapena mtedza, kapena mwana akatumiza ndalama kuchokera ku migodi ya ku Joni, munthu ankapita nazo ku positi ofesi. Kalaliki ankawerenga, n'kulemba ndi cholembera, kenaka n'kudinda chidindo. Kunyumba kabukuko kankabisidwa pansi penipeni pa sutikesi, kuopa chiswe ndi maso a abale.

Imeneyi inali Post Office Savings Bank, yomwe atsamunda anaikhazikitsa m'chaka cha 1911. Mu 1994 boma linaisandutsa Malawi Savings Bank, banki yoima payokha.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 alangizi ochokera kunja anali mbwee m'nkhani zachuma. Bungwe la MUSCCO, lomwe ndi kholo la ma SACCO (mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama) m'dziko muno, linabadwa mu 1980, ndipo linakula ndi ndalama za USAID komanso akatswiri a World Council of Credit Unions, amene anaphunzitsa Amalawi kusunga mabuku ndi kulondoloza ngongole. Ngongole za makalabu a alimi zitasokonekera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kukhazikitsa Malawi Rural Finance Company.

Koma Malawi Savings Bank sinagwe chifukwa makalaliki ake anali osaphunzira. Inafooka ndi ngongole zikuluzikulu za anthu ochepa amene sankabweza. Mu 2015, nduna ya zachuma ili Goodall Gondwe, boma linasenza ngongole zoipazo, zokwana pafupifupi K6 biliyoni, n'kugulitsa bankiyo ku kampani ya FDH. Amene analipira ndi wokhoma msonkho, ngakhale mayi wogulitsa kachewere pamsika wa Mayani, yemwe sanakongoleko ndi tambala yomwe. Zimenezi n'zowawa.

Maphunziro amene anazika mizu kumudzi anadzera njira ina. Mu 1991 bungwe la CARE linayamba kuphunzitsa amayi a ku Niger kusunga ndi kukongozana ndalama zawo zomwe, popanda thandizo la ndalama lochokera kunja. Njirayo itafika kuno, Amalawi anaipatsa dzina lawolawo: banki mkhonde.

Aliyense wodutsa m'midzi ya Dedza angaione. Anthu 15 mpaka 25, ambiri mwa iwo amayi, amakhala bwalo pa mphasa. Pakati pamakhala bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa munthu wachinayi. Wina akagula masheya, mlembi amadinda m'kabuku kake onse akuona, ndipo owerenga ndalama amatchula mokweza zimene zalowa. Wochedwa amalipira chindapusa. Palinso kathumba ka zadzidzidzi, kothandiza pa matenda ndi pa maliro. Chaka chikamatha amagawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo magulu ambiri amasankha nthawi imene feteleza ndi fizi zikufunika.

Mavuto salephera: ena amathawa ndi ngongole, ndipo bokosi likadzaza limakopa akuba. N'chifukwa chake magulu ena tsopano amasunga ndalama zotsala pa Airtel Money kapena Mpamba. Mlangizi wa bungwe amayendera gulu kwa chaka chimodzi chabe, kenaka ophunzitsidwawo ndi amene amakayambitsa magulu m'midzi yoyandikana nayo.